Mmene mungakhalitsire pa ntchito yopeka nyimbo ndi kuliza gitala m'mabandi a roots

Anthu akamanena za nyimbo za roots amatanthauza zamba zimene mizu yake ili m'nyimbo zimene zinakulira pakati pa anthu wamba makampani ojambula nyimbo asanazitulukire, monga blues, country yakale, bluegrass, folk ndi gospel, komanso rock imene imatengera ku zamba zimenezi. Zida zake n'zochepa, ma chord ake kawirikawiri ndi atatu kapena anayi, ndipo n'chifukwa chake achinyamata ambiri amaganiza kuti ndi ntchito yoti munthu angaidziwe pa miyezi ingapo. Ma chordwo amadziwikadi pa miyezi ingapo, koma kukhala munthu amene mabandi amamufuna chaka ndi chaka, kwinaku nyimbo zimene anapeka zikumubweretsera kangachepe, kumalira luso lina limene ambiri amaliphunzira zinthu zitaonongeka kale.

Amene wasankha njira imeneyi adziwiretu kuti adzakhala ndi zinthu ziwiri zimene sizikhalitsa mofanana. Bandi imayamba n'kutha. Lester Flatt, amene ankaimba ndi kuliza gitala, analowa m'gulu la Bill Monroe la Blue Grass Boys mu 1945, anatulukamo mu 1948 n'kuyambitsa bandi ina pamodzi ndi Earl Scruggs, ndipo imeneyonso itatha mu 1969 anayambanso ina. Nyimbo imene munapeka ndi imene imakutsatani kulikonse kumene mwapita, malinga ngati munaisamala pa pepala. Malangizo otsatirawa akukhudza zonse ziwiri: mmene mungakhalire wofunika kwa anzanu pamene bandi ilipo, ndi mmene mungatulukire ndi nyimbo zanu pamene yatha.

Yambani ndi dzanja lomenya nsambo

Ophunzira gitala ambiri amathera nthawi yawo pa dzanja logwira ma chord, chifukwa ndi limene limaoneka ngati likuchita zovuta. Koma mtsogoleri wa bandi akamakuyesani, khutu lake limakhala pa dzanja linalo, limene limasunga kugunda kwa nyimbo. M'bandi ya bluegrass mulibe ng'oma: powerenga kugunda kwa nyimbo 1, 2, 3, 4, bezi imagunda pa 1 ndi pa 3, mandolini imadula pa 2 ndi pa 4, ndipo gitala imakhala pakati pa ziwirizi, ikuliza nsambo imodzi yaikulu kenaka n'kumenya zing'onozing'ono pamodzi. Woliza gitala akayamba kuthamanga, bandi yonse imathamanga naye, ndipo nyimbo imene inayamba modekha imafika kumapeto woimba ali wefuwefu.

Mankhwala a vuto limeneli ndi otopetsa, koma palibenso ena. Tcherani metronome, kachipangizo kolira mofanana kosungitsa liwiro, kuti izilira maulendo 70 pa mphindi, sankhani ma chord awiri okha, ndipo muwasinthanitse kwa mphindi khumi popanda kukometsera kalikonse. Zikakhazikika, muziwerenga kulira kwa metronome ngati 2 ndi 4, kuti 1 ndi 3 zizichokera mwa inu nokha. Kenaka yambani kuimba uku mukuliza, mudzijambule pa foni, ndipo mumvetsere malo amene mawu akulowa, chifukwa pamenepo ndi pamene dzanja la anthu ambiri limapunthwa eni ake osadziwa. Kudzimvetsera kumachititsa manyazi masiku oyamba, koma kuli bwino kuti ikuuzeni foni kusiyana n'kuti akuuzeni woliza bezi pamaso pa anzanu.

Mukafuna chitsanzo cha gitala yotumikira nyimbo, mvetserani Maybelle Carter wa m'gulu la Carter Family, limene linajambula koyamba ku Bristol, m'chigawo cha Tennessee, mu 1927. Iye ankaliza chuni ndi chala chachikulu pa nsambo zazikulu, zala zina zikumenya nsambo zing'onozing'ono, kotero kuti gitala imodzi inkagwira ntchito ya magitala awiri. Wopeka nyimbo amene waphunzira kalizidwe kameneka angathe kuima yekha pamaso pa anthu tsiku limene bandi palibe, ndipo masiku otere amachuluka kuposa mmene munthu amaganizira poyamba.

Kachunidwe kofala ndi E, A, D, G, B, E kuyambira pa nsambo yaikulu, ndipo muyenera kukadziwa bwino musanayese kena. Pambuyo pake yesani kutsitsa nsambo yaikulu kuchoka pa E kufika pa D, kenaka kachunidwe ka D, G, D, G, B, D, kamene kamapereka chord ya G munthu asanagwire nsambo iliyonse, ndipo oimba blues amakagwiritsa ntchito akamatsetsereka pa nsambo ndi kachitsulo kapena kagalasi kovala kuchala. Capo, kachipangizo kopana nsambo zonse pa khosi la gitala, musaione ngati chida cha aulesi. Mukaiika pa fret (kagawo ka khosi la gitala) yachiwiri n'kugwira ngati mukuimba mu G, nyimbo imamveka mu A, ndipo nsambo zosagwidwa zimapitiriza kulira momasuka, kumene ndiko kumveka kumene zamba zimenezi zimadalira. Za mtundu wa gitala sindichedwapo. Martin D-28, Gibson J-45 ndi Fender Telecaster ndi mayina amene mudzawamva kawirikawiri, koma gitala iliyonse yosataya chuni, imene nsambo zake sizili patali kwambiri ndi khosi, ikukwanirani zaka zoyambirira.

Nyimbo zakale ndi chiyankhulo cha manambala

Musanayambe kukakamiza anzanu kuti aphunzire nyimbo zanu, lowezani nyimbo zakale zambiri za chamba chimene mwasankha, ndipo muziphunzire ndi khutu, osati pongowerenga ma chord pa intaneti. Oimba a roots akakumana amadziwana kudzera m'nyimbo zimene aliyense amazidziwa, ndipo amene sangathe kulowa nawo amangokhala woonerera ngakhale atakhala ndi kope lodzaza ndi nyimbo zakezake. M'nyimbo zakalezo ndi mmenenso mumaphunzira kamangidwe. Blues yofala, mwachitsanzo, ili ndi ma bar 12, bar iliyonse kukhala kuwerenga kumodzi kwa 1, 2, 3, 4: anayi pa chord yoyamba, awiri pa yachinayi, awiri pa yoyamba, imodzi pa yachisanu, imodzi pa yachinayi, ndi awiri omaliza pa yoyamba.

Kutchula ma chord ndi manambala motere ndi chizolowezi chimene oimba a m'masitudiyo a ku Nashville anachikhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ndi choyenera kuchidziwa msanga. Mu kiyi ya G, 1 ndi G, 4 ndi C, 5 ndi D; mu kiyi ya A, 1 ndi A, 4 ndi D, 5 ndi E. Ubwino wake umaoneka woimba akadzuka ndi chimfine n'kupempha kuti nyimbo itsitsidwe: pepala lolembedwa ndi zilembo liyenera kulembedwanso lonse, pamene la manambala limangofuna kuti wina anene kiyi yatsopano.

Kupeka, ndi kubweretsa nyimbo kwa anzanu

Nyimbo ya roots imayenda ndi zinthu zooneka ndi zogwirika. Mzere wonena kuti munthu ali ndi chisoni ndi wofooka poyerekeza ndi mzere wonena za mpando umene palibenso amene amaukhalira, kapena kalata imene yapindidwa kambirimbiri mpaka yang'ambika pakati. Ndime zimafotokoza nkhani ndipo zimasintha, kolasi imabwerera pa mfundo imodzi ndipo iyenera kukhala yoti munthu amene waimva kawiri angaimbe nawo kachitatu. Ngati ndime yachiwiri ikungobwereza zimene yoyamba yanena kale, nyimboyo sinathe, ngakhale itakhala ndi chuni chokoma bwanji.

Pekani zambiri ndipo muvomereze kuti zambiri mwa izo sizidzatuluka m'kope. Kachuni kalikonse kakakubwererani mukajambule pa foni nthawi yomweyo, mutchule tsiku ndi kiyi, chifukwa chimene mukuganiza kuti simungachiiwale usiku chimakhala chitapita pofika m'mawa. Kiyi muisankhe potengera mawu anu, osati potengera pamene zala zikumasuka: pezani mawu okwera kwambiri a m'kolasi, ndipo muonetsetse kuti mungawafike mukuimba nyimbo ya nambala 20 usiku umodzi, osati mutangopuma kumene. Samalaninso ndi chuni chakale. M'zamba zimenezi ndi mwambo kuika mawu atsopano pa chuni chimene mwini wake sadziwikanso, koma nyimbo zina zimene zimamveka ngati zamakedzana zili ndi eni ake, ndipo kufufuza musanajambule n'kosavuta kusiyana ndi kuyankha mlandu chimbale chitatuluka.

Tsiku lobweretsa nyimbo yatsopano ku bandi limaonetsa khalidwe lanu lonse. Fikani ndi mapepala okwanira aliyense, olembedwa mutu, kiyi, liwiro ndi manambala, ndipo malo oimirira muwasonyeze bwino. Imbani nyimboyo nokha kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda kupepesa kapena kufotokoza tanthauzo lake, kenaka muwerenge mpaka 4 n'kulola anzanu alowe. Ulendo woyamba udzakhala wosokonekera, wa vayolini adzalowa pamene mawu anu akulowa, wa ng'oma adzayesa kagundidwe kamene simunakaganizire, ndipo mtima wanu udzafuna kuwaimitsa kuti muwauze mmene nyimboyo imamvekera m'mutu mwanu. Dikirani mpaka ulendo wachitatu. Kawirikawiri chimene wa ng'oma wabweretsa chimaposa chimene munali nacho, ndipo oimba amene amauzidwa chochita pa bar iliyonse amasiya kupereka nzeru zawo, kenaka amasiya kubwera. Nanunso nyimbo ikakhala ya mnzanu, bwererani m'mbuyo: lizani mofatsa pamene iye akuimba, thirirani mawu pa kolasi, ndipo muloweze nyimbo yake ndi khama lomwe mukufuna kuti iye aonetse pa yanu.

Pepala limene liyenera kulembedwa ndalama zisanabwere

Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri, ndipo oimba ambiri amausokoneza. Woyamba ndi wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi chuni, ndipo ndi wa amene anaipeka. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, chimene oimba amachitcha master, ndipo umakhala wa amene mgwirizano wanena, kawirikawiri amene analipira situdiyo. Pangano la Berne, limene linayamba mu 1886 ndipo mayiko ambiri a padziko lapansi analowamo, limati wopeka amakhala mwini popanda kudikira kulembetsa kulikonse, ndipo umwiniwo umapitirira kwa zaka zosachepera 50 iye atamwalira. Ku United States ndi m'mayiko a European Union nyimbo zatsopano zimatetezedwa zaka 70 wopeka atamwalira. Izi zikutanthauza kuti zimene mwagwirizana madzulo amodzi m'chipinda choyesereramo zingadzakhudze ndi adzukulu anu omwe.

Lamulo limanena kuti wopeka ndi mwini, koma silinalipo m'chipindamo kuti lione amene anapeka. Ngati inu munabwera ndi mawu ndi chuni, wa bezi n'kuwonjezera kachidutswa kamene aliyense amakakumbukira nyimboyo ikangoyamba, kodi iye wapeka nawo kapena wangoliza? Palibe yankho limodzi. Mabandi ena amati wopeka ndi amene wabweretsa mawu ndi chuni basi, ena amagawana mofanana nyimbo iliyonse kuti pasakhale nsanje, ndipo ena amapereka gawo lalikulu kwa wopeka n'kugawira otsalawo kachigawo kochepa. Njira zonsezi zimayenda, malinga ngati zinanenedwa poyera. Gulu la The Band ndi chitsanzo chodziwika cha zimene zimachitika anthu akakumbukira mosiyana: nyimbo zambiri zinalembedwa m'dzina la woliza gitala Robbie Robertson, pamene wa ng'oma Levon Helm anadandaula kwa zaka zambiri kuti zinali ntchito ya gulu lonse, zimene Robertson ankazikana.

Choncho nyimbo ikangotha, lembani pepala limodzi losonyeza mutu wake, tsiku, mayina onse a opeka, gawo la aliyense mwa 100, ndipo aliyense asayine n'kutenga chithunzi cha pepalalo. Kuyambitsa nkhani imeneyi pakati pa mabwenzi kumaoneka ngati kusakhulupirirana, ndipo inenso ndinayamba ndaizengereza mpaka nyimbo ina itayamba kumveka pa wailesi, anthu atatu aliyense akukumbukira kuti kolasi inachokera kwa iye. Palibe amene ankanama. Aliyense ankakumbukira madzulo amenewo mwa njira yake.

Mukatero lembetsani ku bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo la m'dziko limene mukukhala. Mabungwe otere, monga ASCAP ndi BMI ku United States, PRS ku Britain ndi SAMRO ku South Africa, amatolera ndalama kwa mawailesi, makanema ndi malo a zoimbaimba, ndipo ambiri amalumikizana kudzera mu CISAC, mgwirizano wa padziko lonse wa mabungwe otere umene unakhazikitsidwa mu 1926, kotero kuti nyimbo yanu ikaimbidwa kunja ndalama yake ingathe kukupezani. Lembetsani nyimbo iliyonse payokha ndi magawo omwe aja a pa pepala, ndipo ngati bungwe lanu limalandira mndandanda wa nyimbo zimene mwaimba pa siteji, muziutumiza, chifukwa kwa woimba wa roots amene samveka kawirikawiri pa wailesi imeneyi ingakhale njira yokhayo imene bungwe lingadziwire kuti nyimbo zake zikuimbidwa.

Kampani ikadzakupatsani mgwirizano wokhudza nyimbo zanu, funsani mafunso anayi musanayang'ane kuchuluka kwa ndalama: kodi mukugulitsa umwini kapena mukungopereka chilolezo, kwa zaka zingati, m'mayiko ati, ndipo nyimbozo zidzabwerera kwa inu liti. Loya wodziwa za nyimbo auwerenge, ndipo asakhale loya wa kampani yomweyo. John Fogerty, amene ankapeka, kuimba ndi kuliza gitala m'gulu la Creedence Clearwater Revival, anaona bandi yake ikutha mu 1972, koma anadzapeza ulamuliro pa nyimbo zimene anapeka m'gululo mu 2023, atachita kugula gawo lalikulu la umwini wake. Zaka zoposa 50 zimenezo zinachokera pa mapepala amene anasayina ali mnyamata.

Bandi nayonso ikhale ndi pepala lake lalifupi, lonena mwini wa dzina, kagawidwe ka ndalama za zoimbaimba, mwini wa zipangizo zogulidwa ndi ndalama za gulu, ndi zimene zidzachitike wina akafuna kuchoka.

Pa siteji ndi mu situdiyo

Ntchito zoyamba zimapezeka poimba m'malo amene aliyense amaloledwa kukwera pa siteji, potsegulira mabandi odziwika, ndiponso polowa m'malo mwa woliza gitala amene wadwala. Njira yachitatuyi ndi imene imatsegula makomo ambiri, ndipo imapita kwa munthu amene amafika nthawi yabwino atadziwa kale nyimbo. Wokonza zoimbaimba mugwirizane naye molemba, ngakhale pa uthenga wa pa foni: tsiku, nthawi yoyamba, kutalika kwa kuimba, malipiro ndi nthawi yolandirira, komanso amene abweretse zokuzira mawu. Gawo la mphindi 45 limadya nyimbo pafupifupi khumi kapena 12. Pozindandalika musaike nyimbo zitatu za kiyi imodzi motsatizana, ndipo zofuna kachunidwe kena muziike pamodzi kuti anthu asamakuonerereni mukupotokola nsambo. Nyimbo yanu yatsopano muiike pakati pa ziwiri zimene anthu amazidziwa.

Poyesa zokuzira mawu, imbani mokweza monga mudzaimbire anthu akadzaza, ndipo mupemphe kuti mawu anu ndi bezi zizimveka bwino mu sipika yoyang'ana kwa inu. M'chikwama mukhale nsambo zapadera, waya wina wa gitala, batire, ma pick ndi capo yachiwiri. Nsambo ikaduka pakati pa nyimbo, malizani nyimboyo ndi zisanu zotsalazo, ndipo anzanu akhale ndi nyimbo imodzi imene angaimbe popanda inu pamene mukumanga ina.

Makutu muwasamale kuyambira chaka choyamba, pakuti kumva kukaonongeka ndi phokoso sikubwerera. Bungwe la NIOSH la ku United States, loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito, limalangiza kuti phokoso la ma decibel 85 lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo nthawiyo imadulidwa pakati phokoso likakwera ndi ma decibel atatu, kotero kuti pa 100 imatsala mphindi 15 zokha. Munthu woima pafupi ndi ng'oma angathe kupyola malire amenewa usiku umodzi, n'chifukwa chake zotsekera m'makutu za oimba ziyenera kukhala m'chikwama chomwe chija.

Mu situdiyo musapite kukaphunzirirako nyimbo. Bandi ya roots imamveka bwino ikajambula onse akuimba pamodzi, ndipo zimenezi zimatheka ngati nyimbozo zaimbidwa kale pamaso pa anthu kwa miyezi ingapo. Chojambulidwa chilichonse chikhale ndi nambala yake yochizindikiritsa yotchedwa ISRC, imene ili ndi zilembo ndi manambala 12, chifukwa ndi imene makampani a pa intaneti amaitsata powerengera malipiro. Pa malipiro amenewo musaikepo mtima wonse: kuyambira mu 2024, Spotify silipira nyimbo imene sinamvetseredwe maulendo 1,000 pa miyezi 12. Kwa oimba ambiri a zamba zimenezi, ndalama yeniyeni imachokera pa siteji ndi pa zimbale zogulitsa pakhomo anthu akamatuluka, ndipo ambiri amawonjezera pophunzitsa gitala kapena kulizira ena mu situdiyo.

Nthawi yochoka ikafika

Bandi zambiri zimatha popanda mkangano waukulu: wina wakwatira, wina wasamuka, wina watopa ndi maulendo. Ngati ndinu amene mukuchoka, nenani pamaso pa onse anzanu asanamve kwa ena, perekani nthawi yokwanira kuti apeze wina, ndipo muimbe zoimbaimba zonse zimene zinalonjezedwa kale. Amene akulowa m'malo mwanu mumusiyire mapepala a manambala aja, ndipo ngati bandi ikufuna kupitiriza kuimba nyimbo zanu pa siteji, iloleni, pakuti zikaimbidwa n'kulembedwa pa mndandanda, dzina limene bungwe lidzalipeza ndi lanu. Oimba a chamba chimodzi ndi ochepa ndipo amadziwana, kotero kuti wa bezi amene mwasiyana naye bwino chaka chino angadzakhale amene akukuitanani m'bandi ina zaka zisanu zikubwerazi. Musanabweze kiyi wa chipinda choyesereramo, koperani pa kompyuta yanu zojambulidwa zonse zimene munaimbamo, zithunzi za mapepala onse a magawo, manambala a ISRC, ndi mgwirizano uliwonse umene uli ndi dzina lanu, ndipo zina muzisunge pa malo achiwiri.